Buleki ikafewa pamtsetse: kasankhidwe ka brake fluid ndi ma pad a galimoto yanu

Tsiku lina mu Okutobala ndinkatsika mapiri a ku Chikwawa pa kaSienta kanga, kumbuyo kuli anthu anayi ndi matumba awiri a ufa, tikupita kumaliro. Amene munadutsapo mukudziwa, ukangochoka mu Blantyre nkuyamba kutsika sikuthanso mpaka pa Thabwa, makona okhaokha, ndipo umakhala watsika mamita pafupifupi 900. Ine phazi linali pa buleki chiyambire pamwamba paja, giya ili pa D, wailesi ikuyimba. Titatsala pang'ono kufika pansi ndinamva kafungo ka chinthu chopserera, kenako ndikuti ndiponde, pedulo inangolowa ngati ndaponda nthochi yakupsa. Ndinapopa mwachangu katatu inagwirako pang'ono, nkukankhira giya pa B, ija yochepetsa liwiro ndi injini, injini kulira ngati ituluke mu boneti, mpaka tinakaima m'mbali mwa msewu. Amalume kumbuyo kuja anangofunsa chapansipansi, "Mphwanga, kwagwanji?" Ine pakamwa gwa, miyendo ikunjenjemera yokha.

Chomwe chinandizunguza mutu nchoti ma pad anali atsopano, miyezi iwiri isanathe chiikireni. Ndipo titakhala pamthunzi kwa theka la ola buleki inabwerera bwinobwino ngati palibe chachitika. Wolakwa anali brake fluid. Galimoto ija chichokereni ku Japan, kudzera pa Dar es Salaam mpaka pakhomo panga, palibe anaisinthapo, ine ndinkangothirira pamwamba ikatsika basi.

Nde tiyambire pomwepo. Buleki ntchito yake ndi kusandutsa liwiro kukhala kutentha, palibenso china. Mukaponda pedulo, master cylinder, kapampu kolumikizidwa ku pedulo, imakankha fluid m'mapaipi, fluid nkukakankha pisitoni mu kalipa, chitsulo chokhala ndi ma pad ku tayala, pisitoni nkufinya ma pad pa disiki, chimbale chachitsulo chozungulira limodzi ndi tayala. Kukhulana kumeneko kumatulutsa moto weniweni, ndipo moto wina umadutsa mu pad nkufika ku fluid ija. Chinthu chamadzimadzi sichifinyika, nchifukwa chake pedulo imakhala yolimba. Koma fluid ikawira imapanga nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika ngati siponji, mukuponda koma mphamvu yonse ikuthera pofinya thovu m'paipi, kumatayala sikukufika kanthu. Ikazizira nthunzi ija imabwerera kukhala madzi, buleki nkukhalanso bho, ndiye anthu ambiri amangoti zinali za mizimu kapena galimoto inatopa, nkupitiriza ulendo osakonza chilichonse.

Pabotolo lililonse pamalembedwa DOT ndi nambala. DOT ndi chidule cha unduna wa zamtengatenga wa ku America, ndi omwe anaika malire ake. DOT 3 ikakhala yatsopano siyenera kuwira isanafike madigiri 205, DOT 4 ndi 230, DOT 5.1 ndi 260. Koma nambala imene ogulitsa sakonda kutchula ndi yachiwiri, ya fluid imene yamwa madzi. Mitundu itatu yonseyi ndi ya glycol ndipo glycol imakoka chinyezi cha mumpweya, kudzera pa chivindikiro ngakhalenso m'mapaipi a rabala aja pang'onopang'ono. Ikangomwa madzi okwana 3.7 peresenti, DOT 3 imatsika kufika pa 140, DOT 4 pa 155, DOT 5.1 pa 180. Taonani kusiyanako, kuchoka pa 205 kugwera pa 140, ndipo imene yakhala zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi m'galimoto, dzinja lililonse ikumwa, imatha kutsika kuposa pamenepo. Madzi omwewo ndi amene amadyanso mkati mwa kalipa ndi masilinda a kumbuyo ndi dzimbiri, pisitoni nkuyamba kukakamira.

Posankha musafunse wogulitsa kaye, tsegulani boneti muwerenge pa chivindikiro cha kathanki ka fluid, kamakhala mbali ya dalaivala chakufupi ndi galasi lakutsogolo. Pamalembedwa pomwepo. Magalimoto ambiri a ex-Japan amene tadzaza nawo mumsewu, ma Vitz, Passo, Sienta, Note, Freed, mupeza palembedwa DOT 3. Pamenepo mukhoza kuthira DOT 3 yomweyo kapena kukwera kupita pa DOT 4, zimasakanikirana popanda vuto, ndipo ine maganizo anga ngoti ngati mumayenda misewu ngati ya Chikwawa, Chiweta, Khwekhwelere wotsikira ku Golomoti kapena kutsika phiri la Zomba, ingopitani pa DOT 4, kusiyana kwa mtengo nkochepa. Koma pakalembedwa DOT 4 musatsike kupita pa 3, olo wakusitolo anene kuti nchimodzimodzi. Eni ma Benz, BMW ndi VW a zaka zaposachedwa onetsetsani m'buku la galimoto, ambiri amafuna DOT 4 ya mtundu wa LV, yopepukirapo kuti iziyenda msanga m'timavavu ta ABS ndi ESP, zipangizo zothandiza kuti galimoto isaterereke.

Msampha waukulu uli pa DOT 5. Munthu amaganiza kuti poti 5 ndi wamkulu kuposa 4 nde kuti ndi yabwino kwambiri. Ayi ndithu. DOT 5 ndi ya silicone, kawirikawiri imaoneka yapepo, siisakanikirana ndi zinazi ndipo siyoyenera galimoto ya ABS. DOT 5.1 ndi imene ili pachibale ndi 3 ndi 4, dzina lokha ndi limene linasokoneza anthu. 5.1 yo ndi yabwino inde koma pa kaVitz kopita ku ntchito ndi kutchalitchi nkungotaya ndalama, DOT 4 yatsopano imaposa 5.1 yakale.

Ndipo chonde, m'kathanki kamene kaja musathiremo china chilichonse. ATF, mafuta a giyabokosi ya automatic, ayi, mafuta a power steering ayi, oilo wa injini ayi. Ndinamvapo nkhani za pamsewu zoti fluid ikatha kumudzi thirani madzi a sopo mukafike, zimenezo zisiyeni zikhale nthabwala za pa depoti. Mafuta a mtundu wa petulo amatupitsa marabala onse a mkati, ndipo kukonza kwake nkusintha masilo, timarabala totsekera fluid, a mabuleki onse, si kungotaya fluid basi.

Pogula, gulani botolo lomata, muone kuti kachitsulo kapena kapepala kotseka pakamwa sikanabooledwe. Fluid yopimidwa kuchokera mu chigubu chotsegula, kapena botolo lija linatsala theka chaka chatha lili mu buti, imeneyo yamwa kale chinyezi, itayeni. Nchifukwa chake kuli bwino kugula mabotolo awiri a 500 ml kusiyana ndi chigubu chachikulu choti muzisunga. Lita imodzi imakwana kusintha fluid yonse ya galimoto yaing'ono. Yatsopano imaoneka yoyera motuwira chikasu ngati mafuta ophikira, yakale imada ngati tiyi wopanda mkaka, ina mpaka ngati khofi. Maonekedwe okha si umboni wokwanira, ilipo ina yooneka bwino koma yodzaza madzi, magalaja ena ali ndi kachipangizo kooneka ngati cholembera koviika m'kathanki nkuyatsa timagetsi, kakaonetsa 3 peresenti nthawi yakwana. Ngati palibe kachipangizoko ingotsatani zaka ziwiri zilizonse, ndipo galimoto imene mwangoigula kumene sinthani musanapite nayo ulendo wautali.

Kusintha kwake si kupopa yomwe ili m'kathanki nkuthira ina ayi. Apa mpamene ndinapusitsidwapo pa galaja ina, ndinalipira kusintha fluid, mnyamata anangoyamwa ya pamwamba ndi sirinji nkudzazamo yatsopano, kathanki kakuwala mbee, koma yakuda yonse ili phee m'makalipa, komwe kumatentha kwenikweniko. Yoyenera ndi kubulida, kutanthauza kutulutsira fluid yakale ku tayala lililonse, mpaka yoyera itatuluka. Pamafunika anthu awiri, sipanala ya 8 kapena 10 malinga ndi galimoto, kapaipi koonekera mkati ndi botolo lopanda kanthu. Wina akhala pampando, wina pansi pa nipo ya kalipa, kabawuti kotulutsira fluid. Wapansi akuti "popani", wamkati apopa katatu kanayi, "gwirani", aponda osasiya, wapansi atsegula nipo pang'ono fluid ithamangira m'botolo, pedulo itsika, atseka kaye ndiye nkunena "siyani". Mukasiya pedulo nipo isanatsekedwe mwayamwira mpweya mkati, yambiraninso. Chizolowezi nkuyambira tayala lakutali ndi master cylinder, kwa ife a chiwongolero cha kumanja ndi lakumbuyo kumanzere, koma magalimoto ena ali ndi ndondomeko yawoyawo ndiye buku likanena zina tsatani buku. Muziyang'ana kathanki pafupipafupi kasaume, kakauma ntchito yonse yabwerera pa ziro. Pa galimoto yakale ikani kathabwa pansi pa pedulo kuti isamafike pansi penipeni, chifukwa kumapeto kwa silinda kuja kumakhala dzimbiri lomwe limang'amba silo. Fluid ikadonthera pa penti tsukani ndi madzi nthawi yomweyo, imasupula penti ngati nthabwala. Eni ma hybrid, Aqua, Prius ndi anzake, izi musayesere pakhomo, mabuleki ake ali ndi pampu yamagetsi ndipo amafuna makina a diagnosis kuti abulidwe bwino.

Kanthu kena kamene ambiri sitikadziwa, fluid ikamatsika pang'onopang'ono kuchoka pa MAX kulowera ku MIN kwa miyezi yambiri, sikuti ikutha ngati oilo. Ma pad akamadyeka pisitoni imatuluka kwambiri ndipo fluid imatsatira kukadzaza malowo. Ndiye kathanki kaja kakukuuzani kuti kaoneni ma pad. Mukangothirira, tsiku lodzaika ma pad atsopano pobweza pisitoni idzasefukira mu boneti. Koma ikatsika msanga, sabata imodzi yatsika, pali podontha, yang'anani mkati mwa matayala ngati mwanyowa ndipo galimotoyo isayende.

Tsopano ma pad. Pitani ku Biwi kapena ku Limbe mukanene kuti ndikufuna ma pad a Vitz, wodziwa ntchito akufunsani kuti Vitz yake iti. Pa chassis number, KSP90 ndi NSP130 onse ndi ma Vitz, NCP81 ndi NSP170 onse ndi ma Sienta, Note ilipo E11 ilipo E12, ndipo si nthawi zonse pamene ma pad ake amafanana. Jambulani kachitsulo ka chassis number ndi foni, kapena koposa zonse chotsani pad imodzi yakale mupite nayo, mukaigoneke pamwamba pa yatsopanoyo muone makutu ake, utali wake ndi pokhala kawaya kolira pad ikatha. Makaniki akayamba kunena zoti "bwana, tingopala pang'ono ndi grinder ilowa", bwezani katunduyo. Pad yopalidwa imagwedera kapena kukakamira, zonse ziwiri nzoipa.

Mitundu yake ilipo itatu imene mungakumane nayo. Ya organic ndi yofewa, siichita phokoso, siidya disiki, imagwira bwino ikadali yozizira, koma imatha msanga ndipo ikatentha kwambiri imaterera. Ya semi-metallic ili ndi zitsulo zambiri mkati, imapirira moto ndi katundu, ndi imene ndingauze wa Hiace, wa pickup kapena aliyense wokoka ngolo kuti agule, kungoti imalirako nthawi zina, imadetsa marimu ndi fumbi lakuda komanso imadya disiki mofulumirirapo. Ya ceramic ndi yaukhondo, yachete, imakhalitsa, yabwino kwa galimoto ya m'tauni, koma ndi yodula ndipo si yoti muziidalira pa galimoto yolemedwa ndi matumba a chimanga pamtsetse. Komanso mawu oti ceramic masiku ano angosanduka chokometsera bokosi, aliyense akulembapo. Za ma pad a mpikisano aja achinyamata amawatama, iwalani, amapangidwa kuti azigwira akatentha kwambiri, m'mawa mukutuluka pageti ali ozizira sagwira bwino, ndipo mwana wasukulu kapena wakabaza akadutsa kutsogolo kwanu ndi nthawi yomweyo imene mukufuna buleki yoluma pompopompo.

Ine ndimayang'ana dzina la wopanga kuposa mtundu. Akebono, Advics ndi Nisshinbo ndi ena mwa amene amapangira mafakitale a magalimoto a ku Japan, ndiye mukapeza enieni mwapeza ofanana ndi amene galimoto inabadwa nawo. MK Kashiyama, Ferodo, Bosch, TRW, ATE, amenewonso ndi mayina odziwika. Vuto nloti bokosi ndi losavuta kukopera, za feki zilipo zambiri ndipo zina bokosi lake ndi lokongola kuposa la orijino. Tsegulani muone pad yeniyeniyo. Kumsana kwake kuyenera kukhala manambala osindikizidwa bwino osati ofufutika ndi chala, chitsulo chake chokhuthala chosapindika, ndipo pomwe chakumana ndi mnofu wa pad pasakhale mpata kapena guluu wotuluka m'mbali. Zopangidwira msika wa ku Ulaya zimakhala ndi chilembo E m'kabwalo ndi 90R, kutanthauza kuti zinayesedwa ndipo magwiridwe ake sasiyana ndi a orijino kupitirira 15 peresenti. Ena amakhala ndi zilembo ziwiri kumapeto kwa nambala, monga EE, FF kapena GG. Choyamba ndi magwiridwe pad ikakhala yozizira, chachiwiri ikatentha, E ndi 0.25 mpaka 0.35, F ndi 0.35 mpaka 0.45, G ndi 0.45 mpaka 0.55. FF ndi yabwino pa galimoto wamba. Mukaona FE dziwani kuti ikatentha mphamvu imatsika, ndipo ndi imene simukuifuna potsika Chiweta.

Ndikudziwa kuti chichokereni kugwa kwa kwacha mu Novembala 2023 sipeya aliyense anakwera mtengo, ndipo wogulitsa akakuikirani mabokosi atatu pa kauntala nkunena kuti "iyi ndi yotchipa, iyi yapakati, iyi orijino", dzanja limathamangira lokha kumanzere. Ngati thumba lavuta tengani yapakati ya dzina lodziwika. Yotchipitsitsa ija mukaiwerengera bwino mudzaigula kawiri kapena katatu pamene inayo ikadali, kuphatikizapo kulipira makaniki ulendo uliwonse, ndipo ina imalimba ngati mwala nkukumba mizere pa disiki.

Pad yatsopano mnofu wake umakhala mamilimita 10 kapena 12, ikafika pa 3 konzekani. Kulira kwa tswiii kopyapyala kuja ndi kawaya kochenjeza kakukhudza disiki, kanaikidwa dala. Kukayamba kumveka khrrr ngati mukupera chimanga nde kuti chitsulo chikudya chitsulo, disiki yapita. Sinthani mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, kumanja ndi kumanzere, osati tayala limodzi chifukwa ndi lomwe likulira. Ndipo yang'anani mmene akale adyekera, amakuuzani zambiri. Yamkati ikatha yakunja ikadali yonenepa, ma pini otsetserekera a kalipa auma, achotseni muwapukute muwapake girisi wa silicone, osati girisi wakuda wa ma bearing amene amatupitsa timabuti ta rabala. Girisi asakhudze nkhope ya pad kapena disiki olo kadontho. Fumbi la mabuleki musalipemerere ndi kompuresa kapena pakamwa, ma pad ena otchipa ndi akale amakhala ndi asbestos, pukutani ndi kansalu konyowa. Kalipa musaisiye ikulendewera pa paipi yake, imangirireni ndi waya ku sipuring'i. Ndipo musalowe pansi pa galimoto yomwe yakhalira jeke yokha, njerwa nazonso zimaphwanyika.

Disiki nayo ili ndi malire ake, m'mphepete kapena pakati pake pamadindidwa MIN TH ndi nambala ya mamilimita. Ikapyapyala kuposa pamenepo olo muike pad yodula bwanji imatentha msanga. Chiwongolero chikamanjenjemera mukaponda buleki pa liwiro, ndi disiki imeneyo, kaipalitseni pa makina ngati ikadali ndi mnofu, apo ayi gulani ina, ziwiri. Timagalimoto tambiri tating'onoti kumbuyo ndi dilamu ndi ma shoe, amakhalitsa kwambiri mpaka timawaiwala, koma akatalikira pedulo imalowa kwambiri ndipo handibuleki imakwera mpaka kumwamba. Mwatsegula kale matayala, auzeni makaniki atsegulenso dilamu aone ngati kasilinda ka mkati sikakudontha.

Akamaliza kumanga, musanayambe nkomwe kubwerera m'mbuyo, popani pedulo mpaka ilimbe. Pisitoni inabwezedwa mkati, kuponda koyamba kumapita pansi kopanda kanthu, ndipo ambiri agundapo mpanda wa galaja pa chifukwa chomwechi. Kenako pezani msewu wopanda anthu mukawazoloweretse ma pad ndi disiki. Thamangani mpaka 60, pondani molimbako kutsika kufika cha pa 10 koma osaima, kwezaninso, bwerezani kasanu ndi katatu kapena kakhumi, kenako yendani mphindi zingapo osagwira buleki kuti zizizire. Musaime nkupondereza pedulo zikadali zamoto, pad imasiya chidindo pa disiki ndipo kunjenjemera kuja kumayambira pomwepo. Kafungo pang'ono musadabwe nako. Makilomita 200 oyambirira yendani mofatsa.

Zonsezi mutachita, matayala akakhala osalala ngati mutu wa dazi galimoto siima, pakuti chogwira phula ndi tayala osati pad. Ndipo liwiro mukaliwirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi, pa 100 mufunika malo anayi a amene mukanafuna pa 50.

Ulendo wotsatira wa ku Chikwawa ndinaupanga mosiyana. Ndisanayambe kutsika ndinaika giya pa S, pamakona othina pa B, pa galimoto zina ndi 2 kapena L, wa manual ndi giya yomwe mukanakwerera phirilo. Injini imalira ndithu koma siiwonongeka, ndi ntchito yake. Buleki ndimaponda molimba kwa kanthawi liwiro litsike, nkuchotsapo phazi kuti mphepo iziziritse, osati kuigoneka phazi njira yonse. Neutral pamtsetse, ija ena amati tikupulumutsa mafuta, ndiye musayerekeze. Titafika pa Thabwa ndinaima kugula madzi, nkuyandikitsa dzanja pa rimu lakutsogolo osalikhudza, linali lofunda chabe, kafungo kaja kunalibe.